Akaweruka kusukulu, mwana wa ku Kasungu amalowera kuti?

Munthu akanyamuka ku Nkhotakota n'kulowera kumadzulo pa msewu wa M18, amasiya nyanja kumbuyo n'kukwera zitunda kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama. Akatuluka m'mitengomo amafika padziko lathyathyathya la Kasungu. M'mwezi wa February dzikoli limakhala lobiriwira ndi fodya mbali zonse, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kumakhala chigafa chofolera ndi udzu. Wodutsa nthawi ya m'ma 2 koloko masana amakumana ndi ana ovala yunifolomu akuchokera kusukulu, makope ali m'majumbo. Akabwerera njira yomweyo dzuwa litapendeka, ambiri mwa ana aja amawapeza atavula yunifolomu, atakhala pansi pa chigafa akusoka fodya.

Kuchokera pa nthawi imene mwana waweruka kufikira pamene dzuwa lilowa pamadutsa maola anayi kapena asanu. Maola a m'kalasi ali ndi owawerengera: aphunzitsi aakulu, alangizi a maphunziro, Unduna. Maola a madzulowa alibe mwini, choncho amagwera aliyense amene wayamba kuwatola. Ku Kasungu amene amayamba kuwatola ndi fodya.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife a m'mphepete mwa nyanja. Kwa zaka zambiri malole akhala akutenga mabanja ku Mangochi, ku Machinga ndi m'maboma ena a kummwera kupita nawo kumaesiteti a Kasungu, Mchinji ndi Mzimba kukagwira utenanti. Ana ambiri amene akusoka fodya kumeneko ndi adzukulu athu, ena a iwo Chiyao ndicho chinenero cha pakhomo pawo. Komanso zimene fodya amachita ku Kasungu, kwathu kuno imachita ndi nyanja. Mnyamata amene wachezera usiku wonse pa usipa, kapena amene amathamangira kukoka khoka akangotula makope, sasiyana ndi mnzake wa pansi pa chigafa.

Fodya ndi mbewu yosapumitsa manja. Nazale zimafesedwa cha m'ma September, dzuwa likuswa mtengo, ndipo zimafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo ndi makheni otungidwa kudambo. Mvula ikagwa mu December pamabwera kuwokera, kuthira feteleza, kupalira ndi kubandira. Kuyambira January mpaka March ndi nthawi yodula nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola, kusoka ndi kupachika pa mikangala. Akauma asankhidwe tsamba ndi tsamba, amangidwe, adindidwe m'mabelo pa jeke, kenaka apite kumsika wa Chinkhoma umene kawirikawiri umatsegulidwa cha mu April. Yerekezani kalendala imeneyi ndi ya sukulu: ntchito imafika pachimake m'teremu yachiwiri, pamene mwana wa Sitandade 8 amayenera kukhala akukonzekera mayeso. Ndi nthawi yomweyonso imene nkhokwe zimakhala zitauma.

M'chaka cha 2009 bungwe la Plan linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene linachita pakati pa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma a Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba. Lipotilo linati ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'maesiteti a fodya m'dziko muno, ndipo kuti pa tsiku lachinyezi mwana wothyola fodya akhoza kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, nikotini wofika mamiligalamu 54, wofanana ndi wa ndudu 50. N'chifukwa chake ana otere amadandaula mutu, chizungulire ndi mseru, makolo n'kumaganiza kuti ndi malungo. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2015 anapezanso kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 5 ndi 17 anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ambiri a iwo anali mu ulimi.

Malamulo alipo, ndipo si ochepa. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Lamulo la maphunziro la 2013 limati sukulu ya pulaimale ndi yokakamiza. Mu November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Koma lamulo limangonena kumene mwana sayenera kupezeka. Silinena kuti nanga 3 koloko ikakwana mwanayo akhale kuti, ndi yani, akuchita chiyani. Mukamuchotsa pansi pa chigafa popanda kwina komupititsa, mawa mudzamupeza pa sitolo akuonerera anthu akusewera pulu, kapena m'kanyumba ka vidiyo kamene chitseko chake ndi chiguduli. Bambo wake akadzamuitananso ku fodya, ndani angawadzudzule?

Apa ndi pamene pamalowera makalabu a achinyamata ndi maphunziro a madzulo. Ganizoli si lobwera ndi azungu. Makolo athu anali ndi mphala ndi gowelo, kumene anyamata ndi atsikana ankakhala paokha n'kumaphunzitsana zosema, zoluka, nthano ndi ndagi. M'nthawi ya Kamuzu achinyamata anasonkhanitsidwa m'gulu la Malawi Young Pioneers, limene linaphunzitsa ambiri ulimi ndi ntchito zamanja koma linasiyanso mabala, mpaka asilikali analilanda zida mu December 1993. Pambuyo pake m'masukulu munafala makalabu a Edzi Toto ndi makalabu osamalira zachilengedwe a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo boma linakhazikitsa National Youth Council of Malawi kuti izilemba ndi kuyang'anira mabungwe a achinyamata. Lero boma lililonse lili ndi ofesi ya achinyamata, ndipo m'kaundula wake muli maina a makalabu ochuluka. Kuti angati mwa makalabuwo amakumanadi Lachiwiri wamba, popanda alendo ochokera ku Lilongwe, ndi nkhani ina.

Makampani a fodya nawo analowererapo. Bungwe la ECLT, limene likulu lake lili ku Geneva ndipo ndalama zake zimachokera kumakampaniwo, linathandiza ntchito yochotsa ana m'minda ya fodya m'maboma a Kasungu ndi Dowa m'zaka za m'ma 2000. Pologalamu ya ARISE, imene kampani ya JTI inayambitsa mu 2011 pamodzi ndi bungwe la ILO ndi Winrock International, inakhazikitsa zochitika za ana akaweruka m'madera ena a Lilongwe ndi Ntcheu. Maganizo awo anali osavuta kumva: mwana amene ali pa mpira, pa kwaya ya sukulu kapena pa bwalo lowerengera mpaka dzuwa kupendeka sangakhalenso kumunda nthawi yomweyo. Ena amanyoza kuti ndi fisi amene akulondera mbuzi, ndipo kunyozako kuli ndi pake, chifukwa mtengo wotsika wa fodya ndi umene umachititsa mlimi kulephera kulemba waganyu wamkulu. Komabe mwana amene anatsala pasukulu madzulo amenewo sanadwale mutu wa nikotini, ndipo zimenezo sitingazifufute.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri sichinachokere ku pologalamu yaikulu. Chinachokera m'kachipinda kamodzi pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, kummawa kwa boma la Kasungu. M'kachipindamo bungwe la Malawi Teacher Training Activity, ndi thandizo la boma la America, linaika mashelefu ochepa a mabuku, ambiri a iwo ochokera kunja. Mtunda wochepa kuchokera pamenepo, ku Mtunthama, kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981, yokhala ndi laibulale yaikulu ndi maphunziro a Chilatini ndi Chigiriki. Ana a alimi a ku Wimbe ankaiona sukuluyo kunja kwa mpanda. Chawo chinali kachipinda kaja.

William Kamkwamba anabadwa mu 1987, ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Njala ya 2001 mpaka 2002, imene anthu a ku Kasungu sadzaiiwala, inamupeza atangosankhidwa kupita kusekondale ya Kachokolo. Makolo ake analephera kulipira fizi, ndipo anasiya sukulu. Poopa kuti nzeru zake zingachite dzimbiri, anayamba kupita kukabwereka mabuku ku Wimbe. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankayamba ndi kuyang'anitsitsa zithunzi ndi zojambula, kenaka n'kufunafuna m'ndime mawu ogwirizana ndi chithunzicho. M'buku lina la sayansi lotchedwa Using Energy anaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo.

Zipangizo anakazitola kugalaja yakale ya esiteti ya fodya imene inali itasiyidwa, pafupi ndi sukulu yomwe inamubweza ija. Anatenga fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawaotcha n'kuwaphwathalalitsa, fulemu ya njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Nsanja anaimanga ndi mitengo ya bulugamu. Anthu a m'mudzi ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Ali ndi zaka 14 makinawo anazungulira n'kuyatsa babu, ndipo m'kupita kwa nthawi anayatsa mababu anayi ndi mawailesi pakhomo pawo, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Mu 2006 a Dr. Hartford Mchazime a bungwe lomwe linaika mabuku lija anamva za mnyamatayu ndipo anapita ndi atolankhani. Chaka chotsatira William anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Anabwerera kusukulu, anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Buku la mbiri yake, limene analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anapanga filimu yake, imene anaijambulira ku Kasungu komweko, mbali yaikulu m'Chichewa. Bungwe la Moving Windmills limene William anathandiza kukhazikitsa lakhala likugwira ntchito za sukulu, madzi ndi magetsi a dzuwa m'dera la Wimbe.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati nthano ya mwana wanzeru zodabwitsa, ndipo ikakambidwa motero omvera amaomba m'manja n'kubwerera kwawo opanda chochita, pakuti ndani angabereke William wina mwa kufuna? Ine ndimaiona mwina. Nzeru anali nazo, inde, koma ana anzeru zotere amabadwa chaka chilichonse ku Santhe, ku Chamama ndi ku Makanjira, ndipo ambiri amakalambira pa khasu kapena pa bwato. Chimene William anapeza ndi chitseko chotsegula, munthu wamkulu amene analola mwana wosavala yunifolomu kutenga buku kupita nalo kwawo, ndi nthawi yoti awerenge, ayese, alakwitse, ayesenso. Zinthu zitatuzi mtengo wake sufika ngakhale pa belo limodzi la fodya wabwino. Pakanakhala lamulo loti mabuku ndi a ana olembetsa pasukulupo basi, kapena kiyi akanakhala m'thumba la munthu amene wapita ku boma kukalandira malipiro, mbiri yonseyi sikanakhalapo.

Za kiyi ndikuzinena chifukwa zinandionekera. Zaka zapitazo tinayambitsa gulu lowerenga madzulo pamalo ena kwathu kunyanja. Wachifundo wina anatipatsa makatoni awiri a mabuku, ndipo komiti inagula kabati ndi loko wolimba. Poopa kuti mabuku angabedwe, kiyi anapatsidwa kwa mkulu wina wokhulupirika kwambiri amene ankakhala kutali ndipo ankabwera Lachisanu lokha. Patatha chaka palibe buku limene linasowa, kupatula amene chiswe chinadya. Ana anali atasiya kubwera m'mwezi wachiwiri. Ndinali m'komitiyo, ndipo loko uja ndinavomereza nawo.

Kalabu yabwino siyenera kukhala sukulu yachiwiri. Mwana amene wakhala pansi kuyambira m'mawa m'kalasi ya ana oposa 100, akungobwereza zimene aphunzitsi anena, sangakopeke ndi maola ena awiri a zomwezo. Chimene amasowa m'kalasi yodzaza ndi munthu womumvetsera iye yekha akuwerenga, n'kumukonza pamene wapunthwa. Ana ambiri amafika Sitandade 5, pamene maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, asanathe kuwerenga bwino ngakhale Chichewa, ndipo pamenepo ndi pamene amayamba kujomba. Mnyamata wa Folomu 3 atakhala ndi ana asanu pansi pa mtengo kwa theka la ola, katatu pa mlungu, akhoza kuchita zimene mphunzitsi wa ana 100 sangathe ngakhale atafunitsitsa. Nthawi yotsalayo ikhale ya manja ndi miyendo: mpira wamiyendo ndi wamanja, sewero, mtsutso, dimba la masamba, kumasula wailesi yakufa kuti aone zam'kati, kusoka, kukonza njinga. M'dera la fodya muli amisiri ambiri, owotcherera zitsulo, akalipentala, matelala, okonza njinga zamoto za kabaza. Mmisiri mmodzi atapereka madzulo amodzi pa mwezi, kalabu sisowa mphunzitsi.

Vuto lalikulu ndi mimba. Mwana amene wachoka kunyumba m'mawa osadya kanthu sangatsale pasukulu mpaka 5 koloko chifukwa cha buku. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, linaonetsa kuti kapu imodzi ya phala imadzaza kalasi. Kalabu ya madzulo imene ilibe ngakhale mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga imayenda bwino mu June ndi July, n'kufa mu January, mwezi womwe ikufunika koposa. Komiti yanzeru imasonkhetsa chimanga, soya ndi mtedza nthawi yokolola, pamene ndowa imodzi siipweteka munthu, n'kusunga kudikira miyezi ya njala.

Atsikana ali ndi zawo zowatsekereza. Mnyamata akaweruka amatha kuzemba, koma mtsikana amadikiridwa ndi mtondo, chitsime, nkhuni ndi mwana wakumbuyo, fodya n'kubwera pamwamba pa zonsezo. Makolo amene amakaniza mwana wawo wamkazi kupita ku kalabu si onse amene ali osazindikira. Ena anaonapo makalabu amene anasanduka malo opezerana zibwenzi, ndipo ena anamva za akuluakulu amene anagwiritsa ntchito udindo wawo kuononga ana. Mantha amenewa ayankhidwe ndi dongosolo looneka ndi maso: pakhale mayi wodziwika m'mudzi nthawi zonse, zochitika zikhale poyera, ndipo ana onse azikhala atafika kwawo dzuwa lisanalowe. Magulu a amayi amene ali kale m'masukulu ambiri a pulaimale angathe kugwira ntchito imeneyi.

Mabanja a Chisilamu ali ndi funso lina: nanga madrasa? Ana athu ambiri akaweruka amadya msanga n'kuthamangira kwa ustadhi, choncho tinganene kuti ife tinayamba kale kusamala maola a madzulo. N'zoona, ndipo kalabu imene ingaike nthawi yake pamwamba pa nthawi ya madrasa idzapeza mabenchi opanda anthu. Koma madrasa yambiri imatha pambuyo pa swala ya Asr, ndipo chipindacho chimatsekedwa dzuwa likadali pamwamba. Loweruka ndi Lamulungu zipinda zina zimangokhala. Muli mikeka, muli bolodi, muli mthunzi, ndipo makolo amakhulupirira malowo. Sindiona choletsa kuti pambuyo pa Asr m'chipinda chomwecho mukhale shelefu ya mabuku a masamu, sayansi ndi nthano, ndi wachinyamata wa kusekondale wothandiza ang'onoang'ono ntchito ya kusukulu. Chitseko chikhale chotsegukira mwana aliyense wa m'mudzimo, wa chipembedzo chilichonse, monga momwe cha ku Wimbe chinatsegukira mwana amene dzina lake linali litafufutidwa m'kaundula. Kumaesiteti a Kasungu, kumene mabanja athu ali omwazikana ndipo mzikiti uli kutali, zikhoza kutembenuka: ana athu ndi amene angalowe m'chipinda cha sukulu kapena cha tchalitchi, ndipo ndi bwino akuluakulu a mbali zonse akambirane nkhaniyi pasadakhale.

Chotsala ndi kukambirana ndi mlimi mwini, ndipo apa pamafunika chilungamo. Kumuuza bambo wa ana asanu amene ali ndi ngongole ya feteleza kuti manja a mwana wake asakhudze ntchito iliyonse ya pakhomo ndi kulankhula kwa munthu amene sanalimepo. Mwana ayenera kudziwa khasu, ndipo lamulo silikaniza ntchito zopepuka zothandiza makolo. Mzere ujambulidwe pamene pali ngozi yeniyeni: kuthyola ndi kunyamula fodya wonyowa, kupopera mankhwala, kusenza mabelo, kuchezera usiku m'chigafa, ndi kujombetsa mwana kusukulu. Kalabu yopempha madzulo atatu pa mlungu imapeza chilolezo mosavuta kuposa yofuna masiku onse, ndipo mfumu ikaika mawu ake pamenepo, mlimi amene akukana amakhala yekha.

Mapologalamu a mabungwe amakhala zaka zitatu kapena zisanu. Akatha, galimoto zimaleka kubwera, alawansi ya odzipereka imaima, mpira ukaphulika palibe wogula wina, ndipo pamsewu pamatsala chikwangwani chochita dzimbiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Thandizo la kunja lilandiridwe likabwera, koma chipinda, kiyi, chimanga ndi munthu wokhalapo madzulo zichokere m'mudzi momwemo. Mabuku angapemphedwe ku National Library Service, kusukulu zoyandikana ndi kwa ana a m'mudzimo amene ali pantchito m'tauni kapena ku Joni, amene nthawi zambiri amatumiza ndalama za malata ndi za maliro koma palibe amene anawapemphapo dikishonale.

Ku Kasungu ndalama za fodya zimalowa m'matumba pakati pa April ndi August, ndipo nkhokwe zimakhala zodzaza m'miyezi yomweyo. Komiti imene ikufuna kuti kalabu yake idzakhale yamoyo mu February iyenera kukhala pansi, kusonkhetsa ndi kusankha wosunga kiyi m'nyengo imeneyi. Pofika September nazale zidzakhala zafesedwa, ndipo makheni adzakhala akudikira ana pakhomo.